Mlonda Amene Ankangoti Zonse Zili Bwino

Padangokhala mnyamata wina mumzinda wa Chipata amene anthu ankangomuitana kuti Injiniya. Anaphunzira za makompyuta ku Lusaka, ndipo atamaliza anakwera basi pamsewu wa Great East kubwerera kwawo, mtunda woposa makilomita 500, poti mayi ake anali atakalamba ndipo ntchito kulikulu sinkaoneka. Nzeru anali nazo, manja ake anali opepuka pakompyuta, koma anali ndi chilema chimodzi: sankafuna kuti munthu amupeze ndi cholakwa.

Ntchito anaipeza pabungwe lina la alimi a mtedza ndi soya. Bungwelo linali ndi shedi yaikulu m'tauni ndiponso madepoti ku Kasenengwa, ku Chipangali, ku Chadiza ndi ku Vubwi. Kalaliki akayeza thumba pasikelo ankatsegula tsamba la bungwe pafoni, n'kulembapo nambala ya mlimi ndi makilogalamu ake, ndipo ndalama zinkagwera mufoni ya mlimiyo ng'ombe zisanapume n'komwe pangolo. Tsambalo silinkakhala ku Chipata ayi. Linkakhala pamakompyuta obwereka a ku Johannesburg, kumene makampani aakulu a cloud ali ndi nyumba zawo. Microsoft inatsegula kumeneko mu 2019, Google inatsatira mu 2024, pamene Amazon inasankha Cape Town mu 2020. Choncho thumba lililonse loyezedwa ku Vubwi, uthenga wake unkapita ku South Africa n'kubwerako kalaliki asanatsitse mkono.

Pashedi paja panalinso mlonda wa usiku, aDaka, amene anali malume ake a Injiniya. Anali munthu wa imvi, wa chikhoti chachitali, tochi kudzanja ili, chibonga kudzanja linali, wenzulo m'khosi. Ola lililonse ankanyamuka pambaula n'kuzungulira shedi yonse. Loko aliyense ankamugwira ndi kumukoka, ankaunika kudenga, ankapita mpaka kuseri kumene kunali udzu wautali. Akabwerera ankaliza wenzulo kamodzi, ndipo mlonda wa pachigayo, tsidya la msewu, ankayankha kamodzinso.

Tsiku lina wapampando wa bungwe, mayi Nabanda, anamuitana mnyamata uja.

"Mwana wanga, tsamba lakoli likadzafa usiku, ife tidzadziwa bwanji? Kodi tizidikira kuti alimi ndiwo atiuze?"

"Musade nkhawa, amayi. Ndiliikira mlonda wosagona, wosadwala, wosapempha malipiro."

Anakhala pansi n'kulemba sikiripiti, ndiye kuti malangizo olembedwa mzere ndi mzere amene kompyuta imatsatira yokha popanda woikankha. Pa mphindi 5 zilizonse sikiripiti ija inkagogoda patsamba la bungwe n'kumvetsera yankho. Pa intaneti makompyuta amayankhana ndi manambala. Likabwera 200, ndiye kuti tsamba lilipo ndipo layankha. 404 ndiye kuti chimene wafunsacho palibe. 500 kapena 503 ndiye kuti seva, kompyuta yosunga tsambalo, yadwala kapena yalemedwa. Yankho likapanda kubwera pakatha masekondi 30, kapena likabwera loipa, sikiripiti inkatumiza uthenga kufoni ya Injiniya. Mayeso onse anawandandalika m'fayilo imodzi: la tsamba loyamba, la polowera makalaliki, la polembera makilogalamu, la potumizira ndalama, lililonse ndi mzere wake. Apa m'pamene pagona ubwino wa sikiripiti. Munthu safunika kudina pano ndi apo tsiku lonse. Amasintha mzere umodzi, n'kupereka lamulo limodzi, mayeso onse n'kusinthika nthawi imodzi. Sikiripitiyo anaiika pakompyuta ya muofesi ya pashedi, ndipo pakhoma anapachika sikirini imene inkaonetsa mawu obiriwira akuti, "Zonse zili bwino."

Chaka chimenecho chinali 2024, chaka cha chilala. Mvula inadula mbewu zili pofunika madzi, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pangozi, poti chimanga cha mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinali chitapserera m'minda. Madzi a ku Kariba, kumene amapangira magetsi, anatsika, ndipo mu Malichi magetsi anayamba kuzima maola 8 patsiku.

Poyamba mlonda wa Injiniya anagwira ntchito yotamandika. Pa 14 Malichi zingwe zinayi za intaneti za pansi pa nyanja zinaduka kufupi ndi gombe la Côte d'Ivoire, ndipo ntchito zambiri za pa intaneti zinasokonekera kuchokera kumadzulo kwa Africa mpaka ku South Africa. Foni ya Injiniya inalira makalaliki asanazindikire kanthu. Iye anaimbira madepoti onse kuti tsiku limenelo alembe papepala. Mayi Nabanda anamuyamika pamaso pa komiti yonse, ndipo mnyamata anayenda mapewa ali m'mwamba.

Kenaka mavuto a magetsi anakula. Magetsi akazima, mabatire a muofesi ankagwira kwa kanthawi, koma intaneti ya muofesimo inkadukaduka. Sikiripiti ikagogoda osamva yankho inkaganiza kuti tsamba lafa, pamene tsambalo linali bwinobwino ku Johannesburg. Mauthenga ankaunjikana, ndipo netiweki ikabwerera pakati pa usiku onse ankakhuthukira mufoni nthawi imodzi. Injiniya ankadzambatuka, n'kutsegula tsamba, n'kulipeza lamoyo. Mawa lake chimodzimodzi. Mkucha chimodzimodzi.

Tisamuweruze msanga pamenepa, chifukwa tulo n'chinthu chofunika, ndipo chenjezo lolira pachabe usiku uliwonse limatopetsa aliyense. Vuto linali lenileni ndithu. Chimene chinafunika chinali kuchotsa sikiripiti muofesi yozima magetsiyo n'kukaiika kwina. Koma zimenezo zinkafuna kuti apite kwa mayi Nabanda n'kunena kuti, "Mlonda uja ndinamuika pamalo olakwika." Mawu amenewo anamukanika kukhosi. Komanso kumapeto kwa mwezi ankayenera kupereka lipoti, ndipo lipoti lodzaza ndi mizere yofiira likanafufuta chiyamiko chonse chija.

Ndiye usiku wina anatsegula fayilo ija. Mayeso a polowera, a makilogalamu ndi a ndalama ndiwo ankachedwa kuyankha, choncho anawazimitsa n'kusiya la tsamba loyamba lokha. Analembanso kuti sikiripiti ikalephera kufika pa intaneti isawerengere kanthu, ingokhala chete. Potsiriza anachotsa nambala ya foni yake. Anapereka lamulo limodzi, ndipo ntchito yonse sinathe ngakhale mphindi ziwiri. Mumtima anati adzabwezeretsa zonse magetsi akadzakhazikika.

Anagona tulo tabwino. Lipoti la mwezi wotsatira linasonyeza kuti tsamba linagwira ntchito 100 peresenti, ndipo mayi Nabanda analikhoma pakhoma. Munthu wodziwa za ntchitoyi akanachita mantha poona nambala imeneyo. Makampani aakulu, okhala ndi majenereta ndi akatswiri osinthana usiku ndi usana, kawirikawiri amalonjeza 99.9 peresenti, ndiye kuti amavomereza kuti pamwezi zinthu zikhoza kuima mphindi pafupifupi 43. Nanga kabungwe ka alimi, m'chaka cha mdima, kakanawaposa bwanji onsewo? Koma m'komitimo munalibe wodziwa kufunsa funso limenelo, ndipo wodziwayo ndiye anali mwini bodza.

Mu Juni msika wa mtedza unatsegulidwa. Zokolola zinali zochepa, ndipo aliyense amene anapulumutsako matumba awiri kapena atatu ankawawerengera kuti ndiwo agulire chimanga cha banja. Lachinayi m'mawa ngolo ndi njinga zinayamba kufika padepoti ya ku Vubwi. Kalaliki wa kumeneko, mtsikana wakhama, anayeza thumba loyamba, analemba makilogalamu, n'kudina posungira. Kachizindikiro kanayamba kuzungulira. Kanazungulira, kanazungulira, osaima. Anayesanso, chimodzimodzi. Anaimba foni kutauni.

"Achimwene, tsamba likutseguka koma silikusunga. Alimi adzaza pano."

Injiniya anakweza maso kukhoma. Mawu obiriwira aja anali pomwepo.

"Kuno zonse zili bwino, chemwali. Ndi netiweki yanu ya kumalireko. Mwina foni yakoka ya ku Malawi kapena ya ku Mozambique. Kwerani pachulu muyesenso."

Mtsikana uja anakweradi pachulu, dzuwa likumuwomba, alimi akumuyang'ana. Palibe chinasintha. Masana kalaliki wa ku Chadiza anaimbanso ndi dandaulo lomwelo, nayenso anauzidwa zomwezo. Chimene chinachitika n'chakuti malo osungira kaundula pa seva anali atadzaza ndi zithunzi za malisiti zimene zinkaunjikana kuyambira chaka chatha. Kaundula sankalandiranso kanthu. Koma tsamba loyamba, lija la chithunzi cha mtedza ndi mawu olonjera, silinkafuna kaundula kuti litseguke, ndiye linkangoyankha 200 pa mphindi 5 zilizonse.

Lamulo la bungwe linali lakuti ndalama sizituluka thumba lisanalowe m'kaundula. Alimi anagona padepoti, m'chisanu cha Juni, atatsamira matumba awo. Lachisanu m'mawa mavenda anafika ndi masikelo awo ndi ndalama m'manja, n'kuima chapatali pang'ono pansi pa mtengo. Sanaitane munthu. Ankadziwa kuti njala iwabweretsera okha.

Pakati pa alimiwo panali agogo ena amasiye, Naphiri, amene ankalera zidzukulu zinayi. Anabwera ndi matumba atatu pangolo yobwereka, ndipo mwini ngolo ankaifuna madzulo. Kunyumba anasiya ufa wa tsiku limodzi. Anadikira mpaka dzuwa litapendeka, kenaka anapita kwa kalaliki.

"Mwana wanga, ndiuze zoona. Makina akowa adzuka lero?"

"Agogo, sindikudziwa. Kutauni akuti zonse zili bwino."

Agogo aja anayang'ana matumba awo, anayang'ana kumtengo kuja, n'kuuza mnyamata wa ngolo kuti atembenuze ng'ombe. Anagulitsa pamtengo wongopitirira pang'ono theka la umene bungwe linalonjeza. Ena ambiri anawatsatira.

Loweruka kalaliki uja anakwera galimoto yamatola mpaka ku Chipata, n'kukaika foni yake m'manja mwa mayi Nabanda kuti adine okha. Anadina ali pakati pa tauni, netiweki yodzaza, ndipo kachizindikiro kanazungulira chimodzimodzi. Mayi Nabanda sanakalipe. Anangoti, "Lolemba komiti ikumana. Udzatifotokozere."

Usiku umenewo Injiniya anatsala muofesi. Atayatsa mayeso aja anazimitsa, onse atatu anafiira nthawi yomweyo. Vuto analipeza msanga, anawonjezera malo pa seva, ndipo kaundula anayambanso kulandira. Ntchito imene inagoneka anthu panja masiku awiri inatha madzi a tiyi asanawire. Atatero anayamba kuganiza za Lolemba. Akanatha kunena kuti vuto linali la ku Johannesburg. Ndani akanamutsutsa?

Anatuluka panja mutu uli wolemera, n'kupeza amalume ake akuwotha moto pambaula.

"Khala apa, mwana wa mlongo wanga. Nkhope yako ikuoneka kuti yasenza katundu. Mlonda wako uja wagona?"

"Sanagone, amalume. Amayang'ana mphindi zisanu zilizonse."

"Amayang'ana chiyani?"

"Khomo lakutsogolo."

ADaka anasonkheza makala. "Ndili mnyamata ndinkalondera sitolo ina kufupi ndi msika wa Kapata. Ndinkakhala pakhomo usiku wonse, maso pa loko. Loko anali wamkulu, wonyezimira. M'mawa wina mwini sitolo anatsegula n'kupeza mashelefu ali mbee. Akuba anachotsa njerwa kuseri, n'kutulutsa katundu yense ine ndili pakhomo, maso ali gwa. Sindinagone ngakhale pang'ono, koma ntchito inandithera, ndipo inayenera kutha. Anandilemba kuti ndilondere katundu, ine n'kumalondera loko. Kuyambira pamenepo ndimayenda njira imene wakuba angayende, ndipo chilichonse ndimachigwira ndi dzanja."

Mnyamata anakhala chete. Patapita kanthawi anafunsa, "Nanga wenzulo uja mumalizira chiyani? Si mumangowauza akuba pamene muli?"

"Wenzulo si wa akuba. Ndi wa mnzanga wa pachigayo. Ndikaliza ndiye kuti ndamuuza kuti ndili moyo. Ola likadutsa osandimva, sanena kuti kwa aDaka kuli mtendere. Amatenga chibonga n'kubwera, chifukwa mlonda womangidwa manja ndi miyendo amakhalanso chete. Tsono wakoyo, magetsi akazima muofesimu, amaliza wenzulo kwa yani?"

"Kwa aliyense ayi."

"Ndipo akaona choipa amadzutsa yani?"

Apa Injiniya anagwetsa nkhope. "Ankadzutsa ine. Ndinamutseka pakamwa ndine, amalume. Ankandisowetsa tulo."

Mkulu uja anamuyang'ana nthawi yaitali. "Kulakwitsa poika mlonda si mlandu waukulu, aliyense amaphunzira. Koma iwe unamuphunzitsa kunena zokomera iwe, ndipo amene analipira ndi anthu amene sanamuonepo n'komwe. Lolemba ukanene wekha. Ukanama, ine ndidzakhala ndikudziwa, ndipo iwe udzakhala ukudziwa kuti ndikudziwa." Atatero anatenga tochi n'kupita kuseri kwa shedi, poti ola linali litakwana.

Lolemba komiti inakhala pansi pa mtengo wa mango. Injiniya anaimirira n'kufotokoza zonse, kuyambira usiku umene anazimitsa mayeso mpaka mawu amene anauza kalaliki akuti akwere pachulu. Anapita kukhoma n'kuchotsa yekha lipoti lija la 100. Ena anati achotsedwe ntchito tsiku lomwelo, ndipo sanalakwe kutero. Mayi Nabanda anamvetsera onse, kenaka anagamula.

"Tikamuchotsa, tilemba wina amene sanagwepo, ndipo adzagwa pomwepa. Uyu atsale. Koma apite ku Vubwi akakhale pasikelo sabata yathunthu, aone nkhope za anthu amene amadikira makina ake. Ndalama zimene agogo Naphiri anataya zichoke pamalipiro ake, akapereke ndi manja ake. Za enawo bungwe liona pamene lingathe. Ndipo kuyambira lero fayilo ija isasinthidwe ndi munthu mmodzi."

Anapitadi. Agogo Naphiri anawapeza akusenda chinangwa pakhonde. Anagwada, anafotokoza, n'kupereka ndalama ndi manja awiri. Agogo anaziwerenga pang'onopang'ono n'kuzimanga pansonga ya chitenje.

"Wachita bwino kubwera, mdzukulu wanga. Koma chinandipweteka si ndalama. Mtsikana uja ankakuuza zoona, ife tonse tili pamaso pake, iwe n'kukhulupirira khoma."

Atabwerera kutauni analemba sikiripiti yatsopano, ndipo ulendo uno sanafulumire. Anaichotsa muofesi n'kuika mayeso pamakompyuta a kunja, m'malo atatu otalikirana, kuti chenjezo lizilira pokhapokha malo awiri akagwirizana kuti tsamba silikuyankha. Mauthenga onama a usiku anathera pomwepo. Analenga mlimi wongoyerekeza wokhala ndi nambala yakeyake m'kaundula, ndipo sikiripiti inkalowa ngati kalaliki, n'kulemba thumba la makilogalamu 50, n'kuliwerenganso kuti ione ngati lasungidwadi, kenaka n'kulifufuta. Inkayang'ananso malo otsala pa seva ndi tsiku lothera satifiketi ya chitetezo cha tsamba, poti masatifiketi ena amatha pa masiku 90 okha. Anaikanso mlonda wachiwiri kukampani ina, amene ntchito yake inali imodzi basi: kudikira kuti woyamba anene kuti ali moyo, ndipo akapanda kumumva, kudzutsa anthu.

Pochita zimenezi anapeza kuti ngakhale akuluakulu anagwapo m'dzenje lomweli. Pa 28 Febuluwale 2017, patangopita masiku anayi Chipata atalengezedwa kukhala mzinda, katswiri wina wa ku Amazon analakwitsa polemba lamulo limodzi n'kuzimitsa maseva ambiri kuposa amene ankafuna. Mawebusaiti ochuluka anaima kwa maola angapo, ndipo tsamba limene linkayenera kudziwitsa anthu za vutolo linalephera kusintha kwa kanthawi, chifukwa nalonso linkadalira makina omwe anagwawo. Nkhani imeneyi anaifotokozera komiti, osati podzitchinjiriza, koma kuti amvetse chifukwa chake ankapempha kandalama kolipirira mlonda wachiwiri. Anavomera.

Fayilo ya mayeso anaiika pa Git, pamene kusintha kulikonse kumalembedwa ndi dzina la wosintha, tsiku ndi chifukwa chake. Wachiwiri wovomereza anakhala kalaliki wa ku Vubwi uja, amene Injiniya anamuphunzitsa kuwerenga mizereyo. Yeso likazimitsidwa chifukwa cha kukonza, linkadziyatsa lokha pakatha maola awiri. Chenjezo linkapita kwa anthu atatu motsatizana: kwa Injiniya, akapanda kuyankha kwa kalaliki, kenaka kwa mayi Nabanda. Ndipo pamwamba pa fayiloyo mtsikana uja anapempha kuti palembedwe lamulo limodzi la anthu, osati la makina: kalaliki akanena kuti tsamba silikugwira, ndiye kuti silikugwira, kaya khoma likuti chiyani.

Pofika Seputembala magetsi anali atafika poipitsitsa, moti madera ambiri ankawaona maola ochepa chabe patsiku. Usiku wina foni inalira tambala asanalire. Mlimi wongoyerekeza uja anali atalephera kusunga thumba lake. Injiniya anadzuka, anayatsa laputopu ndi batire yotsala, anakonza, ndipo pamene madepoti ankatsegula m'mawa palibe kalaliki anadziwa kuti kunachitika kanthu. Iye analemba zonse m'lipoti. Mwezi umenewo nambala inali 99, ndipo pansi pake panali mzere wofotokoza ola lililonse limene tsamba linaima ndi chifukwa chake.

Agogo Naphiri anabweranso ndi mtedza wawo chaka chotsatira. Koma mabanja ena a ku Vubwi amene anagona panja masiku awiri aja sanabwererenso kubungwe, ndipo mpaka lero amagulitsa kwa mavenda.

Nthano yathera pamenepa.